Staple gun ya pamanja: yokwanira kukutira chotsamira cha bedi, bola musankhe bwino mapini

Ndemanga iyi ndi ya staple gun (chipangizo chokhomera mapini) yachitsulo yofinya ndi dzanja, yosafuna magetsi, imene imalandira mapini oyambira mamilimita 6 mpaka 14 ndipo ili ndi kagudumu pamwamba kochepetsera kapena kuwonjezera mphamvu. Tinaiyesa pa ntchito imodzi basi: kukutira nsalu pa thabwa lotsamira la kumutu kwa bedi. Ntchitoyi imaikwanitsa, ndipo palibe chifukwa chogulira yamagetsi ngati mukufuna chotsamira chimodzi kapena ziwiri. Koma ili ndi zovuta zake zoti muzidziwe musanayambe.

Chotsamira chomwe tinapanga chinali cha matiresi a masentimita 152 m'lifupi. Plywood wa mamilimita 12 tinamudula 160 kwa 70, siponji ya masentimita 5 tinaimata ndi guluu, pamwamba pake kansalu kofewa ka fibre kamene amaika m'mipando, kenako nsalu yokhuthala ya makatani. Fibre ndi nsalu zonse zimafunika zipitirire masentimita 15 mbali iliyonse, kutanthauza 190 kwa 100, chifukwa ziyenera kuzungulira siponji ndi thabwa n'kutsalako pogwira zala. Nsalu zambiri zotere zimakhala masentimita 140 kapena 150 m'lifupi, choncho sizifika m'mbali zonse ziwiri mukaziimika. Igonekeni chopingasa, mamita awiri akwana. Ngati maluwa ake ali ndi mutu ndi miyendo, onani kaye mmene akuonekera atagona musanadule.

Nkhani yaikulu ili pa kutalika kwa mapini. A mamilimita 6 amagwira fibre yokha, koma mukawakhomera pa nsalu yokoka amazuka pang'onopang'ono, ndipo pakatha masiku nsalu imayamba kulendewera m'munsi. A mamilimita 14 samaliza kulowa: amaima theka kapena kupindika ngati mwendo wa chiwala, ndipo ndi amenewa amene amakakamira m'kamwa mwa chipangizochi. A mamilimita 10 ndiwo analowa bwino pafupifupi paliponse, a 12 m'makona mokha momwe nsalu yapindana katatu kapena kanayi. Onetsetsaninso nambala ya mtundu wa mapini yolembedwa pa thupi la chipangizochi. Mapini otalika mofanana amasiyana kukula kwa msana ndi kunenepa kwa waya, ndipo ocheperapo pang'ono amalowa m'njira yake bwinobwino koma amatuluka awiriawiri.

Vuto lachiwiri ndi kudumpha. Sipuling'i ikamasuka, mutu wa chipangizochi umanyamuka pang'ono pa thabwa, ndiye mphamvu ina imathera m'mwamba, pini n'kutsala poyera. Mankhwala ake ndi kupanikiza mutuwo ndi chikhatho cha dzanja linalo pamene mukufinya. Apa mpamene pamafunika munthu wachiwiri wokoka nsalu, poti manja anu onse ali pa chitsulo. Thabwa ligone chafufumimba pansi polimba, mutayala nsalu yoyera, osati pa matiresi kapena pa tebulo logwedera. Mapini ochepa otsalira panja amalowa ndi hamala yaing'ono.

Kagudumu ka mphamvu kamathandiza kuposa mmene kamaonekera. Pa mphamvu yonse, pini imadula ulusi wa nsalu yopyapyala ngati mpeni, ndipo mukakoka nsalu imang'ambika motsatira mzere wa mapini. Yesani kaye pa chidutswa cha plywood chotsala mpaka pini izikhala pansi osamira. Komanso khomani mapini mopendeketsa pang'ono, osati molunjika ndi ulusi wa nsalu, kuti kulemera kugawike pa ulusi wambiri.

Makwinya sabwera chifukwa cha chipangizo, amabwera ndi kakhomedwe. Yambani pakati pa mbali ya m'mwamba ndi mapini atatu, pitani pakati pa mbali ya m'munsi, kokani, khomani atatu, kenako kumanzere ndi kumanja. Mukatero tembenuzani muone ngati mizere ya nsalu yawongoka, nthawi yozula isanathe. Pitirizani kuchokera pakati kupita kumakona, pini iliyonse masentimita 4, mukusinthanasinthana mbali. Kokani ndi chikhatho chonse, chifukwa kukoka ndi nsonga za zala kumasiya timaenje m'mphepete mwa siponji pa pini iliyonse. Makona amabwera pomaliza: dulaniko fibre yowunjikana, kokerani nsonga ya nsalu pakati, pindani mbali ziwirizo ngati mukukulunga bokosi. Ngati simunasalaze makona a plywood ndi sandipepa, adzaboola nsalu.

Poika mabatani okongoletsa chotsamira, staple gun inagwiranso ntchito. Mabowo a mamilimita 6 amabooledwa siponji isanamatidwe, ulusi wa nayiloni umadutsa ndi singano yaitali, ndipo kumbuyo umakhomedwa ndi mapini atatu kapena anayi mokhotakhota kuti usapulumuke. Pini imodzi yokha sigwira nayiloni, amaterera.

Dzanja limatopa, tisanamizane. Kuzungulira thabwa la 160 kwa 70 ndi masentimita 460, ndiye mapini amaposa 100 pa fibre, ena otero pa nsalu, kuphatikizapo makona ndi kansalu kotsekera kumbuyo, onse pamodzi amayandikira 300. Chogwirira chake n'chotalikirana, moti wa dzanja laling'ono amavutika kuchitseka, ndipo chitsulo chopanda labala chimatulutsa matuza. Magolovesi amathandiza. Bokosi la mapini 1,000 limakwana ndi kutsala.

Ikakakamira, chotsani kaye mzere wonse wa mapini, tsegulani njira yake, zulani yopindikayo ndi pliers. Kupitiriza kufinya kumapinda kachitsulo kokankha mapini, ndipo kakapindika chipangizo chatha ntchito. Musailoze kunkhope poyang'ana chomwe chatseka. Chozulira mapini sichinali m'paketi, zomwe n'zokhumudwitsa pa ntchito imene kuzula n'kosapeweka. Screwdriver yaing'ono yaphwatalala imalowa m'malo, koma muzule mosamala kuti musakande nsalu.

Pa plywood ndi pa matabwa a paini imalowetsa mosavuta. Pa MDF, thabwa lopangidwa ndi utuchi wopanikizidwa, inatikhumudwitsa: thabwalo ndi lothinana, mapini ambiri amafuna hamala, ndipo pafupi ndi m'mphepete limasweka. Pa matabwa olimba a mitengo yachilengedwe musayese n'komwe. Imakhoma nsalu basi, simangira chotsamira ku bedi kapena ku khoma. Kumeneko pamafunika miyendo iwiri ya thabwa ndi mabawuti a M8 (onenepa mamilimita 8), ndipo mabowo ake abooledwe musanayambe kukutira.

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi yachoka chifukwa cha chogwirira chopweteka ndi chozulira chosowacho.