RB67, Pentax 67, Hasselblad kapena Contax: ikadzafa, adzakonza ndani?

Mwezi uno wokha anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi. Atopa ndi filimu ya 35mm, akufuna kukwera pa ina yaikulupo yotchedwa 120, ndiye agule kamera iti? Ndalemba pano kuti wachinayi akadzabwera ndidzangomulozera. Zoti chithunzi cha masentimita 6x7 cha pa filimu ya 120 n'chachikulu kupitirira kanayi poyerekeza ndi cha 35mm mukuzidziwa kale, sinditayapo nthawi.

Ndiyambe ndi bala langa. Zaka ziwiri zapitazo ndinagula pa intaneti kamera ina ya 645 (ya zithunzi za masentimita 6x4.5) yoyendera batire. Dzina lake ndilisunga, poti mlandu si wa amene anaipanga kalekalelo. Mlandu ndi wa wogulitsa, ndipo gawo lina ndi langa. Pazithunzi inkachita kunyezimira, wogulitsa atalemba kuti ndi yabwino zedi, EXC+++++, timitanda tisanu ndondondo. Ndinaiwala kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Itafika ndinaidina kangapo, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) ikulira bwinobwino, mtima unakhala pansi. Ndinajambula mipukutu iwiri n'kutumiza kotsukitsa. Zithunzi zinabwera chilichonse chili ndi mkwasa wofiira chakumbali. Nditatsegula kumbuyo ndinapeza siponji yotsekereza kuwala itasungunuka, ukaikhudza imamata chala ngati phula. Ndinawalitsa tochi ya foni m'lenzi, ndipo pagalasi lam'kati panali timizu toyera ngati ulusi wa kangaude. Chuku chimenecho. Tsono chimene chinandiwawa n'chakuti masiku obwezera katundu anatha filimu idakali kotsukitsa. Pa mpukutu wachisanu kamera inangoti zii. Batire yatsopano, ziii.

Mmisiri anakhala nayo milungu isanu ndi umodzi. Poyankha anati, "Bwana, bolodi yamagetsi yafa, ndipo imeneyi sapanganso. Mukafuna, gulani inzake yowonongeka tichotsemo." Ndinalipira yotumizira kupita, yotumizira kubwera, komanso ndalama yongotsegulira. Inde, kulipira kuti munthu akuuze kuti chinthu chako chamwalira. Kuyambira tsiku limenelo sindiyamba kufunsa za kukongola kwa lenzi. Ndimafunsa kuti chikaduka m'katimo, chilipo choikapo?

Mitengo ya makamera a filimu ya 120 yakwera pa chifukwa chosavuta kumva. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ojambula maukwati ndi a m'masitudiyo anasamukira ku dijito, n'kumagulitsa makamera amenewa pamtengo wotaya. Kenaka achinyamata a pa YouTube ndi Instagram anawatulukira, aliyense n'kuyamba kufuna yomwe waona m'manja mwa mnzake. Koma mafakitale anali atatseka kale. Tamron, yomwe inagula Bronica, inasiya kupanga makamerawo cha mu 2004 ndi 2005. Kyocera inasiya Contax mu 2005. Hasselblad inatseka mndandanda wake wakale wa V mu 2013. Ogula akuchuluka, makamera akuchepa chaka chilichonse, amisiri odziwa kuwatsegula akukalamba. Ndiye mukulipira ndalama zambiri pa chinthu chotopa kuposa mmene chinalili chili chotchipa.

Contax 645 ndiyo ndimaiyang'ana ndi diso lofiira kwambiri, ngakhale sinandilakwire kanthu. Inatuluka mu 1999, ndipo lenzi yake ya Zeiss Planar 80mm f/2 ndi imene inapengetsa ojambula maukwati. Sindikana, nkhope ya munthu imatuluka yofewa mochititsa kaso. Koma zonse m'menemo ndi magetsi: kuyang'anitsa, kukoka filimu, shutter, zonse. Imadya batire ya 2CR5 ngati ili pa mpikisano, ndipo mtengo wake uli m'gulu la pamwamba penipeni. Kuika ndalama zoterozo pa bolodi ya zaka zoposa makumi awiri, ine ayi. Mamiya 7 ya 1995 ndiiponya m'dengu lomweli: yopepuka, malenzi akuthwa zedi, koma yodula mopweteka ndipo shutter yake popanda batire sigwira.

Pentax 6x7 (yomwe pambuyo pake inatchedwa 67), imene inayamba mu 1969, ndi nkhani ina. Imaoneka ngati kamera ya 35mm yomwe yanenepa, ndipo anthu amaigulira lenzi imodzi, 105mm f/2.4. Nayonso imafuna batire kuti shutter igwire, koma zambiri m'kati ndi zitsulo zoti mmisiri angazione ndi maso. Kufooka kwake kumadziwika. Chokokera filimu chikatha mano, zithunzi zimayamba kukwerana kapena kutalikirana. Ndiye pali katcheni kakang'ono kolumikiza lenzi ndi mita yoyezera kuwala imene imakhala pachisoti chapamwamba chosuzumirapo. Mukavula chisoticho n'kuchibwezera lenzi idakali pomwepo, katcheni kangathe kuduka. Lamulo lake n'kuyamba mwachotsa lenzi, kuika chisoti, kenaka kubwezera lenzi, ndipo simungadziwe kuti eni ake asanu akale ankalitsata kapena ayi. Kalilole wake akamenya, mbalame zimauluka mumtengo. Mukaigula, funani ya kuyambira 1976 yomwe ili ndi chokwezera kalilole pasadakhale. Ojambula ndi flash adziwenso kuti malire a liwiro la shutter yake ndi 1/30 ya sekondi.

Hasselblad 500C/M ndimaipatsa ulemu. Inatuluka mu 1970 potsatira 500C ya 1957, yopangidwa ku Gothenburg m'dziko la Sweden, yopanda batire n'komwe. Ya zaka makumi asanu ikapakidwa mafuta atsopano imagwira ntchito ngati ya dzulo, ndipo mwa onsewa ndi imene amisiri ake akadapezekapezeka. Ili ndi khalidwe limodzi loipa: mukachotsa kapena kuika lenzi thupi ndi lenziyo zisanakokedwe zonse ziwiri, imaluma, osatsegukanso mpaka mutalowetsa sikuludiraiva kumbuyo. Vuto langa ndi mtengo. Gawo lina la ndalamayo mukulipirira dzina, ndiponso nkhani yoti makamera a kampaniyi anakafika kumwezi mu 1969. Yanuyo kumwezi sinapiteko. Lenzi yachiwiri ndi chibokosi cha filimu chachiwiri ndi zimene zimamaliza thumba.

Amene akufuna chithunzi cha 6x6 koma Hasselblad yamukanika amathamangira ku Bronica SQ-A. N'zomveka, malenzi ake ndi abwino ndipo mtengo ndi wachifundo. Kungoti shutter yake imalamulidwa ndi magetsi, batire ikatha mumatsala ndi liwiro limodzi la 1/500.

Tsopano yanga. Mamiya RB67 inatuluka mu 1970, Pro-S mu 1974, Pro-SD mu 1990. Ndi njerwa. Ikakhala ndi lenzi ndi chibokosi cha filimu imapitirira makilogalamu awiri ndi theka, ndipo lamba wake amasiya chizindikiro paphewa. Kuti mujambule chithunzi chimodzi mumakankha chitsulo cha pambali, kenaka n'kukoka filimu pachibokosi padera. Liwiro lake limathera pa 1/400. Anzanga amandiseka kuti ndimayenda ndi injini ya chigayo.

Aseke. Kulemera komweko ndi kumene kwaisunga pamtengo wofikirika, chifukwa wofuna kamera yodzikolekera pakhosi pojambulitsa saifuna. Inapangidwa yambiri, masitudiyo ankaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndiye zida zake zakale sizisowa. Mulibe batire, mulibe bolodi, muli masipuling'i ndi magiya basi. Ndipo chimene ndimaikondera koposa n'chakuti matenda ake sagwira thupi lonse. Shutter imakhala m'lenzi iliyonse payokha, choncho imodzi ikayamba kuzengereza chifukwa cha mafuta ouma, mumavala ina n'kupitiriza ntchito, yodwalayo ikupita kwa mmisiri yokha m'kaphukusi kakang'ono. Chibokosi cha filimu chikamalowetsa kuwala mumasintha chibokosi. Siponji zake ndinasintha ndekha usiku umodzi patebulo, ndi kamtengo kotokosera, thonje ndi sipiriti, zala zili bii ndi phula lakale lija. Chibokosicho chimazunguliranso, kuchoka chopingasa kupita choimirira kamera osaipendeka, ndipo n'kumene kunachokera zilembo za RB (Rotating Back). Mng'ono wake RZ67 wa 1982 ndi wopepukirapo, koma wabweretsanso magetsi amene ndikuthawa.

Musanalipire RB, tambasulani chikopa chake chopindapinda cha pakati pa lenzi ndi thupi m'chipinda chamdima, muike tochi m'kati. Kadontho kakuwala kakaoneka pakona, tsitsani mtengo kapena isiyeni.

Wina anandifunsa za Yashica Mat-124G. Poyambira ndi yabwino, yopepuka, shutter yosafuna batire. Mita yake yokha ndi imene inkadalira batire ya mercury yomwe inaletsedwa, ndiye yezerani kuwala ndi foni.

Pali mtengo wina umene anthu saika pa masamu. Mpukutu umodzi wa 120 umapereka zithunzi 16 pa Contax, 12 pa Hasselblad, 10 zokha pa RB67 ndi Pentax. Apa ndiye RB yanga imagonja poyera, pakuti filimu nayo siikutsika. Fujifilm inasiya filimu yake ya Pro 400H mu 2021, ambiri n'kukhamukira ku Portra ya Kodak. Mwayi wake Kodak Gold 200 inatuluka ya 120 mu 2022, ndipo ndi imene ndimayesera kamera iliyonse yachilendo. Kamera ikafika lero, mpukutu umalowa lero lomwe, mawa uli kotsukitsa, masiku obwezera asanathe.

Mwa anzanga atatu aja, mmodzi watenga RB67 ndipo akudandaula phewa. Wina akusungabe ndalama ya Hasselblad. Wachitatu anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, dzana n'kugula Contax. Wanditumizira chithunzi cha mwana wake, ndipo ndinene zoona, n'chokongola kuposa chilichonse chimene ndajambula chaka chino. Nambala ya mmisiri ndamupatsa kale.