Kashopu ka mabuku a kaunjika ku Chitakale: osaka mabuku akale a AA musadalire chikuto

Ambiri amalowa m'kashopuka kukafuna mabuku a sukulu, koma m'makatoni a pansi pa shelefu mumapezeka mabuku a Alcoholics Anonymous (AA), gulu lothandizana kusiya mowa limene Bill Wilson ndi Dr Bob Smith anayambitsa ku Akron, ku America, mu 1935. Wofuna buku longowerenga alipeza pamtengo wabwino, ndipo abambo ogulitsawo amalola kunenerera. Wotolera mabuku akale ndiye asafulumire kupisa m'thumba.

Vuto n'lakuti mtengo amauika poyang'ana chikuto. Buku lalikulu la gululi, lija amati Big Book, linatuluka koyamba mu Epulo 1939 lili ndi chikuto chofiira, ndiye kwa iwo chofiira chilichonse n'chakale. Chonsecho mu 2014, pokumbukira kuti bukuli latha zaka 75, a AA anasindikiza lina lotengera ndendende la 1939. Ndi labwino kukhala nalo, koma si lakale, ndipo pepala lake limaoneka kuti silinaone zaka. La 1939 lenileni anasindikiza osakwana 5,000; kulipeza m'katoni ku Mulanje kuno kungakhale kutola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Tsegulani kuseri kwa tsamba la mutu wa buku, pamene pamalembedwa zaka. Mtundu wachiwiri unatuluka mu 1955, wachitatu mu 1976, wachinayi mu 2001, ndipo ochuluka m'makatonimu ndi awiri omalizawa. Tsambalo likakhala kuti linathothoka, onani tsamba 1. Mu mtundu woyamba pamenepo pamayambira mutu wakuti "The Doctor's Opinion" (maganizo a dokotala), pomwe kuyambira 1955 pamayambira nkhani ya Bill, za dokotala zinasunthidwira kumasamba a manambala a Chiroma. Kusiyanitsa wa 1976 ndi wa 2001 musavutike ndi masamba 164 oyambirira, n'chimodzimodzi. Zimasintha ndi nkhani za anthu zakumapeto.

Kasungidwe ndiye n'komwe kashopuka kakulephera. Makatoni ali pasimenti, ndipo nyengo ya chiperoni chinyezi chimakwera kulowa m'mabuku apansi. Nunkhizani buku musanagule. Madontho a bulauni owuma si nkhani, koma ufa woyera kapena wobiriwira pamsana ndi nkhungu yamoyo, imene ikafalikira ku mabuku anu ena. Magazini a AA otchedwa Grapevine, amene anayamba kutuluka mu Juni 1944, ambiri pano mawaya ake apakati anachita dzimbiri n'kudya pepala. Choipitsitsa ndi selotepi: ogulitsawo amamata nayo tsamba lililonse long'ambika, pofuna kuthandiza ndithu, koma guluu wake amalowerera m'pepala n'kusiya banga losachoka. Apempheni kuti akapeza ena asamate.

Mukagula lachinyezi, liimikeni chilili pamthunzi podutsa mphepo, masamba atatambasuka, mpaka liwume. Padzuwa chikuto chimapindika ndi kusuluka. Nkhungu isaseni panja ndi kaburashi kofewa buku litauma, osati ndi nsalu yonyowa, ndipo musalimangire mu jumbo likadali lachinyezi. Amene angoti buku lina la AA, "Twelve Steps and Twelve Traditions" la 1953, ndilo akufuna, afunse katoni ya pamwamba pa kabati. M'menemo ndiye muli owuma bwino.