Mphindi 40 ndi gitala: zolimbitsa zala, nyimbo imodzi, kapena khutu?

Mwaweruka, mwatopa, ndipo mwatsala ndi mphindi 40 zokha musanagone. Gitala ili pamwendo. Muyambire pati? Ife oimba ndi zala, amene sitigwira pick (kachipangizo kakang'ono kokodolera nsambo), timagawanika patatu pa funso limeneli. Njira zonse zitatu ndinadutsamo, ina mwa izo ndinakhalitsamo kuposa mmene zinkafunikira.

Yoyamba ndi ya zolimbitsa zala. Mwini bwalo pamenepa ndi Mauro Giuliani, katswiri wa gitala wa ku Italy, amene mu 1812 anasindikiza ku Vienna timaphunziro 120 ta dzanja lamanja. Dzanja lamanzere limangosinthasintha ma chord (magulu a manotsi olira pamodzi) awiri, C ndi G7, pomwe ntchito yonse yatsalira kumanja. Pamwamba pa manotsi pamalembedwa zilembo p, i, m ndi a, zochokera ku Chisipanishi, kutanthauza chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi chovala mphete. Mumatchera metronome, kachipangizo kogunda mosaphonya kosungira liwiro, pa kugunda 60 pa mphindi, n'kumabwereza kaphunziro kamodzi mpaka nsambo zonse zizilira mofanana. Phindu lake silichedwa kuoneka, makamaka pa chala chovala mphete, chomwe kwa ambiri a ife n'chaulesi ndipo chimalira ngati chikunong'ona. Koma vuto lilipo. Pakangotha mphindi 10 maganizo amathawa, zala n'kumangoyenda zokha, ndipo ngati dzanja munalikhazika molakwika ndiye kuti mukukhomerera cholakwikacho tsiku ndi tsiku. Ine ndinatha miyezi ingapo pa C ndi G7. Mnzanga wina atandipempha kuti ndimuimbire kanyimbo, ndinasowa pogwira: zala zinali zakuthwa koma nyimbo ndinalibe.

Yachiwiri ndi yotenga nyimbo imodzi n'kuiduladula. Ndikhalitsa pang'ono pamenepa, chifukwa m'pamene pagona nkhani ya chala chachikulu. Pa kaimbidwe kotchedwa Travis picking, kochokera pa dzina la woimba gitala Merle Travis wa ku Kentucky ku America, chala chachikulu chimadumpha pakati pa nsambo ziwiri za besi pa kugunda kulikonse, m'mphepete mwa chikhatho mutatsamira pang'ono pa nsambozo kuti zisalire motalika, kwinaku zala zina zikukodola nyimbo yeniyeniyo pa nsambo zing'onozing'ono. Travis ankagwiritsa ntchito chala chachikulu ndi chamkombaphala basi. Chet Atkins, woimba gitala winanso wa ku America, amene anamumva pa wailesi asanamuone, anaganiza kuti munthu sangatulutse zonsezo ndi zala ziwiri, motero iye anawonjezerapo zina, ndipo kaimbidwe kake kanabadwira pa kuganiza kolakwikako. Tommy Emmanuel wa ku Australia, amene anakulira pa nyimbo za Atkins, amauza ophunzira kuti ayambe ndi chala chachikulu chokha, zala zinazo zili duu.

Ndiye chizolowezi chake chimayenda motere. Mwasankha mabala anayi okha (bala ndi kachigawo ka nyimbo kokhala ndi kugunda kowerengeka). Besi yokha kaye, mpaka muthe kucheza ndi munthu chalacho chisakuphonya. Kenako mulowetse notsi imodzi yogwera limodzi ndi besi, ngati mukutsina nsambo ziwiri. Zikakhazikika, m'pamene mulowetse manotsi ogwera pakati pa kugunda, omwe ndi amene amasokoneza chala chachikulu. Ubwino wake ngwakuti chilichonse chimene mwavutikira chimathera m'nyimbo yomwe mungaimbire anthu. Msampha wake ngwodziwika: tonse timakonda kuyambira poyambira, motero chiyambi chimasalala pomwe kumapeto kuli zigamba zokhazokha. Ine masiku ano ndimayambira bala yomaliza n'kumabwerera chammbuyo, kuti ndikamaimba ndizilowera kumene ndakuzolowera kwambiri. Chinanso, nyimbo imakuphunzitsani zokhazo zimene yokhayo ikufuna. Ngati ilibe malo ofuna chala chovala mphete, chalacho chikhalabe chogona.

Yachitatu ndi ya khutu: palibe pepala, palibe tab (zolemba zosonyeza pogwira pa nsambo), mumangomvetsera n'kufunafuna pa gitala. Yesani ndi zojambulidwa za Jean Bosco Mwenda wa ku Congo, amene Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anamujambula mu 1952, mumve mmene besi ndi nyimbo zimalukanirana. Pa YouTube mungachepetse liwiro kufika pa 0.75 kapena 0.5 mawu osatsika, ndipo lamulo langa ndi loti kachigawoko ndikaimbe kaye pakamwa ndisanakhudze nsambo. Njira imeneyi ndi imene imapanga woimba weniweni, chifukwa mumayamba kumva chord isanafike. Koma ndi yochedwa zedi, ndipo khutu silikuuzani chala chimene mwiniwake anagwiritsa ntchito. Elizabeth Cotten, woimba wa ku America, anali wamanzere ndipo ankaimba gitala atalitembenuza osasintha nsambo, chala chachikulu chikuimba nyimbo, besi ikugwidwa ndi chamkombaphala. Mukamutsanzira ndi khutu, manotsi muwapeza, koma kamvekedwe kake kazikuzembani osadziwa chifukwa chake.

Nanga ndi iti? Munthu atandikakamiza kusankha imodzi, nditenga yachiwiri osaganiza kawiri, chifukwa ndi yokhayo imene imaphunzitsa chala chachikulu kudziimira pachokha pamene zala zina zikuchikoka. Giuliani ndinamusiyira mphindi 8 zoyambirira, timaphunziro tiwiri patsiku, ndipo C ndi G7 ndimasinthanitsa ndi Am ndi E7 kuti makutu asafe. Mphindi 22 zimapita ku mabala anayi aja, metronome ili pa liwiro lomwe sindiphonyapo ngakhale kamodzi. Ndimakweza liwirolo ndi 4 pokhapokha ndikadutsa katatu motsatizana popanda cholakwa. Mphindi 10 zotsalazo n'za khutu. Amene akuimba gitala ya nsambo za nayiloni ndi zikhadabo angafune kumpatsa Giuliani nthawi yochulukirapo, popeza kumeneko kalilidwe ka notsi iliyonse kamakhala poyera. Mkono ukayamba kuwawa pamfundo, siyani tsiku limenelo. Kuwawa kwa nsonga za zala za kumanzere kumatha khungu likalimba, koma kwa pamfundo ayi.

Kamodzi pasabata ndimajambula mabala anayiwo pafoni. Sabata yatha ndinkadziona ngati ndakhwima, koma nditamvetsera ndinapeza kuti besi imathamanga nthawi iliyonse ndikasintha kuchoka pa C kupita pa F. Metronome ndaibwezera pa 56.