Madiramu abuluu kapena thanki ya IBC, ndinene zomwe ndinaona

Anzanga akhala akundifunsafunsa kuti poyamba aquaponics (ulimi wophatikiza nsomba ndi masamba, pomwe pampu imatenga madzi a nsomba kupititsa ku mabedi a masamba kenako nkubwerera kwa nsomba) agule chani, madiramu abuluu aja a malita 200 kapena thanki ya IBC ya malita 1,000 yokhala mu zitsulo ija. Zonse ziwiri ndayesa ndiye ndingonena.

Pa mtengo diramu ndi yotchipa, imakweranso pa kabaza, apa palibe kutsutsana.

Koma nkhani yagona pa madzi abale. Ine ndinasiya diramu imodzi ya nsomba, ena awiri ndinawang'amba pakati nkukhala mabedi anayi othiramo miyala ndi kudzalamo masamba, ndiye kuti malita 400 a mabedi pa malita 200 a nsomba. Amene anandigulitsa anati 2 kwa 1 ndi mulingo wabwino ndipo sananame ayi, koma sanandiuze kuti miyala ya kwale ngakhale uidzaze chotani imasiya mipata, mwakuti gawo limodzi mwa magawo atatu a bedi amakhala madzi. Mabedi onse anayi akadzadza nthawi imodzi ndiye kuti malita oposa 130 achoka kwa nsomba. Tsiku lina m'mawa ndinapeza pampu ikukoka mpweya, makumba anga ataunjikana pansi misana ili pamtunda, ena atagadabuka kale mimba zili mbee. Ndinakhala pansi pomwepo, miyezi itatu yonse ndikuwadyetsa.

Kuti zikonzeke ndinagulanso diramu ina yoika pansi kuti madzi azisungikira mmenemo, kuphatikiza siphon (kachipangizo kotulutsa madzi bedi ikadzadza) pa bedi iliyonse, mapaipi, timakona, guluu, ndipo chilichonse chinkadontha pa nthawi yake. Kutchipa kuja kunathera pomwepo. Komanso madzi ochepa sachedwa kuzizira, mu Juni ndi Julaye nsomba zimangosiya kudya.

IBC ukadula chapamwamba masentimita 30 nkutembenuza imakhala bedi, pansi pamatsala malita pafupifupi 700. Bedi ikadzadza madzi amatsika pang'ono chabe, nsomba sizidziwa nkomwe. Vuto lake ndi lakuti thanki imakunyengerera, umaona madzi ambiri nkufuna kuthiramo nsomba zambiri pomwe bedi ndi yaing'ono, sikweya mita imodzi ndi kachidutswa basi. Mpiru kapena letesi amakwanitsa kuyeretsa zotsalira za magalamu 40 mpaka 50 a chakudya cha nsomba pa sikweya mita patsiku, ndiye bedi imeneyi ndi ya magalamu ngati 60, zomwe ndi chakudya cha patsiku cha nsomba zolemera makilogalamu atatu mpaka asanu ndi limodzi zonse pamodzi. Mukafuna zambiri onjezani mabedi kaye, nsomba pambuyo.

Funsaninso kuti munkasungidwa chani muthankimo, zina zinali za mankhwala, ndipo muiphimbe m'mbali kuti musamere ndere.

Ine ndili ku IBC ndipo sindibwereranso. Madiramu anga aja ndinawasandutsa mabedi oonjezera, kumeneko akugwira ntchito bwinobwino, koma nsomba sindidzaikamonso.