Miyezi 8 ndi kabolodi ka Nano kudimba la ku Nchalo

Mnzanga wa ku Ngabu anandifunsa sabata yatha ngati n'zoona kuti pulogalamu ya kompyuta ya ma pointer (olozera pamene pali deta) imathamanga kuposa ya ma array (mindandanda ya deta), ndipo funsoli landikumbutsa kabolodi ka Arduino Nano (kakompyuta kakang'ono) kamene ndinagula ku Limbe mu Epulo kuti kaziyatsa ndi kuzimitsa mpope wa sola kudimba.

Chinyezi cha m'nthaka kamayeza bwino, ndipo relay (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa mpope) sinandivutepo. Mavuto anayamba mu Okutobala dzuwa la kuchigwa kuno litakwiya, pamene tsiku lililonse cha m'ma 1 koloko masana kabolodi kankazima n'kudzukanso kokha, mpope n'kuima madzi asanafike kumapeto kwa mizere ya tomato.

Ndinaloza chala pulogalamu yanga. Chip ya kabolodika, ATmega328P, ili ndi RAM (malo osungira deta pogwira ntchito) ya 2 KB yokha ndipo imayenda pa 16 MHz, choncho ndinaganiza kuti array imene ndimasungamo miyezo 60 ikuilemera. Ndinachezera masiku awiri kusintha buf[i] aliyense (kalembedwe ka array) kukhala *p++ (kalembedwe ka pointer), koma nditatsegula zimene compiler (yomasulira pulogalamu kukhala malamulo a chip) inatulutsa pogwiritsa ntchito chida chotchedwa avr-objdump, ndinangogwira pakamwa, chifukwa zakale ndi zatsopano zinali pafupifupi chimodzimodzi. Chipangizochi chili ndi ma register a X, Y ndi Z osungira adiresi, ndipo compiler ija, avr-gcc, inali itasandutsa kale loop yanga kukhala lamulo la ld lotenga byte n'kusunthira kutsogolo lokha, m'ma cycle awiri basi. Tulo tanga tinangopita pachabe, ndipo pulogalamuyo tsopano imandivuta kuiwerenga ine mwini wake.

Chenicheni ndinachipeza ndi chala. Tsiku lina masana ndinatsegula kabokosi ka malata n'kukhudza regulator (kotsitsira mphamvu ya magetsi pa kabolodiko), ndipo inandiwotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Sola ikamatchaja, batire imakwera kufika pa 14 V, ndipo regulator yotsitsa mphamvuyo kufika pa 5 V imataya 9 V yotsalayo ngati kutentha, m'kabokosi kamene kakupsa kale ndi dzuwa. Nditaika buck converter (yotsitsa mphamvu mosatentha kwambiri) pakati pa batire ndi kabolodi, mpope sunaimenso.

Wogulitsa ndiye amandiwawa mtima. Ananditsimikizira kuti ndingolumikiza ku batire popanda china, komanso anandilipiritsa mtengo wa bolodi yeniyeni pomwe pansi pake pali chip ya CH340, chizindikiro cha zokopera. Nditamuimbira anangoti, "Bwana, mubwere nako tidzakaone," ngati sakudziwa kuti thiransipoti yokwera Thabwa kupita ku Blantyre ndi kubwerera imaposa mtengo wa kabolodiko. Ndikawerengera tomato amene anafota m'sabata zitatu za vutoli ndimakwiya, koma ndikaona madzi akuyenda ine ndili pamthunzi ndimakakhululukira kabolodiko. Mnzanga uja ndamuuza kuti ma array ake awasiye momwe alili, agule buck converter, ndipo asakagule kumene ndinagula ine.