Pro Plan LiveClear: chakudya cha mphaka chochepetsa ziwengo kwa eni ake

Mkazi wanga ankati akangoyandikira mphaka wathu, maso ankayamba kumuyabwa, mphuno n'kutsekeka, kenaka n'kumayetsemula mosalekeza. Tinatsala pang'ono kumupereka kwa anthu ena mphakayo, ngakhale kuti ana anali atamuzolowera kwambiri, koma dokotala wa ziweto kuno ku Leeds, m'dziko la England, anatiuza kuti tiyambe tayesa chakudya cha Pro Plan LiveClear, chimene kampani ya Purina inayamba kugulitsa m'chaka cha 2020.

Ambirife timaloza chala ubweya, pamene chodwalitsa chenicheni ndi puloteni yotchedwa Fel d 1, imene imapezeka m'malovu ndi pakhungu pa mphaka. Akamadzinyambita, malovuwo amaumira pa ubweya, ndipo tizidutswa take timauluka n'kukatera pa mipando, zofunda ndi makatani. Chakudyachi anachikuta ndi ufa wochokera m'mazira a nkhuku, mmene muli asilikali a m'thupi otchedwa IgY, ndipo mphaka akamatafuna, asilikaliwo amaigwira puloteniyo m'kamwa momwemo n'kuifooketsa isanafike pa ubweya. Ine chinandikhazika mtima pansi n'chakuti njirayi sisokoneza thupi la mphaka, chifukwa sindikanalola kuti chiweto chivutike pofuna kuti ife tipeze bwino.

Purina imanena kuti mphamvu ya puloteniyo pa ubweya imatsika ndi 47 peresenti tikatenga avareji, kuyambira sabata yachitatu. Kwathu masabata awiri oyamba panalibe chosintha chilichonse, koma mwezi utatha mkazi wanga anayamba kukhala pabalaza madzulo onse osatulutsa misozi, ndipo mapiritsi a ziwengo amamwa mwa apo ndi apo.

Chofunika ndi kupirira ndiponso kusasakaniza. Mphaka ayenera kudya chakudyachi tsiku ndi tsiku monga chakudya chake chenicheni, motero tinaleka chizolowezi chathu chomukhutitsa ndi makombo a nsomba. Popeza n'chouma, madzi akumwa asamachoke pambali pake. Mtengo wake ndi wokwererapo poyerekeza ndi zakudya wamba za amphaka, ndipo izi ziyenera kuwerengeredwa musanayambe.

Puloteni yotsalayo ikadalipo m'nyumba, n'chifukwa chake mphaka wathu salowabe kuchipinda chogona ndipo makapeti timawapopa fumbi kawiri pa sabata. Amene ali ndi mphumu asasiye mankhwala awo podalira chakudyachi asanaonane ndi dokotala.