Injini ya 327 ya 1967 mu Nova ya 1977: momwe moto wake wakhalira patatha miyezi 14

Galimotoyi ndi Chevrolet Nova ya 1977. Inatuluka kufakitale ndi injini ya 305 (nambalayi ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch) ndi disitiribyuta ya HEI (yogwiritsa ntchito module ya magetsi m'malo mwa mapointi), ija ya chipewa chachikulu chomwe koyilo imakhala m'kati mwake. Injiniyo itatopa, m'malo mwake munalowa 327 ya 1967, yobwera ndi disitiribyuta yake ya mapointi, tizitsulo tiwiri totseka ndi kutsegula moto wa koyilo. Mabawuti anagwirizana, giyabokosi inalumikizika bwinobwino, ndipo tsiku loyamba lomwelo injini inalira. Mavuto a moto anayamba kuoneka m'masabata ndi miyezi yotsatira, limodzilimodzi, ndipo ambiri mwa iwo sanachokere komwe munthu angayambe kukayikira.

Mapointi anakhalamo miyezi iwiri yokha. Awiri oyamba anapsa pasanathe masabata atatu: nkhope zake zinasanduka zabuluu, mbali imodzi itakumbika kadzenje, mbali inayo itamera kachulu. Koyilo inkatentha moti simukanaigwira ndi dzanja. Kondensa inasinthidwa pachabe. Chifukwa chenicheni chinali waya wa galimoto. Magalimoto a GM (General Motors, eni ake a Chevrolet) a nthawi ya mapointi anali ndi waya wapadera wochepetsa mphamvu, wa ma ohm pafupifupi 1.35, wobisika mu mtolo wa mawaya kuchokera pa bokosi la mafyuzi kukafika pa koyilo. HEI itakhala ya m'magalimoto onse a kampaniyi mu 1975, wayayo anachotsedwa, poti HEI imafuna mphamvu yonse ya batire. Ndiye werengani: koyilo ya mapointi ili ndi ma ohm pafupifupi 1.5, alitaneta ikupereka 14V. Popanda chochepetsa, mapointi akatsekeka amanyamula 9A ndi kanthu. Ndi chochepetsa, ndi pafupifupi 5A. Tinkhope tiwiri tating'onoting'ono sitingadule moto wochuluka chonchi maulendo masauzande pa mphindi imodzi n'kukhalitsa.

Resistor ya dothi ya ma ohm 1.4, yomangidwa pa chitsulo cha kuseri kwa injini, inathetsa kupsako. Koma inabweretsa lake: m'mawa kukazizira sitata inkazungulira nthawi yaitali, injini n'kugwira pa nthawi yomwe mukusiya kiyi. Chizindikiro chimenechi sichinama. Sitata ikamakoka, batire imatsika mpaka pafupifupi 10V, ndipo ikadutsa mu resistor, pa koyilo pamafika zochepa kwambiri. Sitata zakale zinali ndi kabawuti ka R pa solenoid, kamene kankatumiza mphamvu yonse ku koyilo pa nthawi yolizayo basi. Sitata ya m'galimoto ya HEI nthawi zambiri ilibe kabawutiko. Njira ndi ziwiri: kupeza solenoid ya R, kapena kutenga waya pa kabawuti ka S ka solenoid n'kuudutsitsa mu diode ya 6A kapena kuposa, mzere wa diode utaloza ku koyilo. Diode musaisiye. Popanda iyo moto wa kiyi umabwerera kukadyetsa solenoid.

Zitakonzedwa izi mapointi ankagwira ntchito, n'zoona. Mpata wa 0.48 mm akakhala atsopano, dwell (nthawi yomwe mapointi amakhala otsekeka) ya madigiri 30, kusintha ndi Allen key pa kazenera ka pa chipewa injini ikulira, mapulagi pa 0.9 mm. Koma kachidendene kamene kamakwera pa kamu kamadyeka, mpata n'kumachepa, dwell n'kumakwera, tayimingi n'kumabwerera m'mbuyo pafupifupi digiri imodzi pa digiri iliyonse ya dwell. Kwa galimoto yomwe mawaya ake onse anapangidwira HEI, kusunga mapointi kunali kuwonjezera zigamba pofuna kubwezera chinthu chofooka. Disitiribyuta ya HEI ya 305 ija inali pa shelefu. Inabwezedwa m'mwezi wachitatu.

Kuilowetsa sikuvuta, poti disitiribyuta za small block (banja la injini za Chevrolet momwe muli 305 ndi 327) za zaka zimenezi zimalowana. Ikani silinda 1 pamwamba pa mpweya wopanikizika, tsitsani disitiribyuta mukukumbukira kuti rota ipotoka pang'ono giya yake ikamaluma ya camshaft. Ikatsala mamilimita angapo osakhala pansi, ndiye kuti lilime lake silinalowe m'mpata wa ndodo ya pampu ya oyilo. Musaikakamize ndi bawuti. Itulutseni, potozani ndodoyo ndi sikuludiraiva yaitali, yesaninso. Resistor ndi diode zichoke; waya wonenepa wa galimoto upite molunjika pa BAT, polumikizira mphamvu ya batire pa chipewa cha HEI. Mawaya a mapulagi akale salowa pa chipewa cha HEI, pamafunika a 8 mm. Dongosolo ndi 1-8-4-3-6-5-7-2, rota ikuzungulira ngati wotchi, ndipo waya wa 5 ndi wa 7 asagonerane mtunda wautali, chifukwa masilindawa ndi oyandikana komanso amatsatizana pothetheka. Chenjezo limodzi kwa ofuna HEI yakale: ya magalimoto a kompyuta kuyambira 1981, yopanda m'mbali kachitini ka vacuum (kamene kamafulumizitsa moto mukamayenda mopondako pang'ono), ilibe zolemera zopititsa moto patsogolo. Yopanda kompyuta yake siingakuthandizeni.

Kulira kwa m'mawa kunasintha tsiku lomwelo. Kenaka panayamba nkhani yomwe inadya miyezi inayi.

Pa msewu wosalala, pa ma rpm pafupifupi 2,500, mukangoponda pang'ono injini inkagogoda ngati timiyala m'chitini. Mukaponda mpaka pansi kugogodako kunkachepa. Injini ikatentha, sitata inkachita ngati yakakamira isanazungulire. Nyali ya tayimingi inkaonetsa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, zomwe si zambiri kwa 327. Anthu ambiri akafika apa amaloza chala petulo, kapena kabuleta, kapena module. Panali zifukwa ziwiri zosanjikizana, ndipo zonse ndi za zitsulo, osati za magetsi.

Choyamba chinali mzere wa pa damper, gudumu lolemera la kutsogolo kwa crankshaft. Chevrolet inasuntha malo a mzerewu mu 1969, pafupifupi madigiri 8, ndipo kachitsulo kowerengera kanasunthidwanso. Injiniyi inali ndi damper yake ya 1967, koma chivundikiro cha tcheni chinali chitasinthidwa ndi cha mtundu wa pambuyo pake chifukwa chakale chinkadontha. Mzere wakale, kachitsulo katsopano. Zotsatira zake, nyali ikamanena 10, moto weniweni unali pa 18. Palibe njira yodziwira zimenezi poyang'ana ndi maso. Chotsani waya wa batire ndi mapulagi onse, mangani choimitsa pisitoni m'bowo la pulagi 1, zunguzani injini ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka pisitoni igunde, lembani pa damper moyang'anizana ndi ziro. Zunguzani mobwerera mpaka igundenso, lembaninso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo ndi pomwe pali nsonga yeniyeni. Kuyesaku kumagwiranso damper yomwe mphete yake yakunja yaterereka pa labala wokalamba, vuto lomwe silisowa pa chitsulo cha zaka zoposa 50. Mukapeza ziro woona, madigiri ena mutha kulemba nokha: pa damper ya mainchi 6.75, digiri imodzi ndi pafupifupi 1.5 mm, choncho madigiri 36 ali pa 54 mm kuchokera pa mzere.

Chachiwiri ndicho phata la nkhani yonse. Disitiribyuta imalowa m'injini ina, koma imabwera ndi makhalidwe a injini yomwe inapangidwira. 305 ya 1977 inali yopanikiza mpweya pang'ono, pafupifupi 8.5:1, ndipo inali ndi EGR, yomwe imabwezera utsi wina m'masilinda. Mpweya wosakanizika ndi utsi umayaka mochedwa, ndiye umafuna moto wofulumira kwambiri mukamayenda mopondako pang'ono. N'chifukwa chake kachitini ka vacuum ka disitiribyutayi, kataikidwa pa pampu ya m'manja, kanapereka madigiri opitirira 20. Masipuling'i a zolemera za disitiribyutayi anali olimba, zolemera zikumaliza madigiri ake 20 kupitirira ma rpm 4,000. 327 iyi ili pafupi ndi 10:1 ndipo ilibe EGR. Mpweya wake umayaka msanga. Phatikizani: 18 oyambira, 12 a zolemera pa ma rpm 2,500, 22 a vacuum. Ndi 52. Mukaponda pang'ono, silinda imadzaza koma kachitini kasanabwerere, ndipo kugogoda kumabadwira pomwepo. Mukaponda mpaka pansi vacuum imagwa, madigiri 22 aja n'kuchoka, n'chifukwa chake phokoso linkachepa.

Kubweza disitiribyuta yonse m'mbuyo kumathetsa kugogoda, koma ndi mankhwala oipa. Galimoto imafooka, paipi za utsi zimatentha mopyola muyeso, kutentha kwa madzi kumakwera mukaima pa mzere. Choyenera n'kukonza zigawo zitatuzo (oyambira, zolemera ndi vacuum) chimodzi ndi chimodzi, paipi ya vacuum itachotsedwa ndi kutsekedwa. Zolemera zinasiyidwa za fakitale, poti zina za m'mapaketi otsika mtengo zimakhala zosaumbidwa bwino ndipo zimadumphitsa tayimingi. Omwe anasinthidwa ndi masipuling'i okha. Awiri ofewa kwambiri anayambitsa kupita patsogolo injini ili pa idle (ikulira yokha osaiponda), ma rpm n'kumasakasaka, mzere n'kumavina pansi pa nyali. Sipuling'i imodzi yofewa ndi ina yapakati ndizo zinakhazikika: palibe kusuntha pansi pa ma rpm 1,000, zonse zatha pa 3,000. Oyambira anaikidwa pa 14, zolemera 20, pamodzi 34. Kachitini kanaikidwa kachitsulo koimitsa ndodo yake pa madigiri 11, ndipo paipi yake inachotsedwa pa kabowo ka pamwamba pa gulugufe (kachitseko ka mpweya) wa kabuleta n'kuikidwa pa manifold penipeni. Pa idle moto umakhala pa 25, injini imazizira bwino, pa msewu 45. Sitata siivutika, chifukwa ikamazunguza palibe vacuum, imangoona 14 yokha.

Manambalawa ndi a injini iyi ndi petulo wa octane yokwera. Camshaft ina kapena mitu ina ya injini idzafuna zina. Koma dongosolo la kagwiridwe silisintha: ziro woona choyamba, zolemera kachiwiri, vacuum pomaliza.

Pa mapulagi palibe zambiri. HEI imatha kulumpha mpata waukulu, koma injini yopanikiza kwambiri imafuna mphamvu yochuluka kuti moto ulumphe, ndipo moto ukalephera pa pulagi umafuna njira ina. Pa 1.5 mm rota yakale inapserera pakati, pansi pake patachita kadontho kakuda kolowera ku ndodo. Pa 1.1 mm ndi rota yatsopano, mapulagi atatulutsidwa m'mwezi wa 12 anali ofiirira mofanana onse asanu ndi atatu, opanda timadontho ta siliva tomwe timasonyeza kugogoda.

Zamagetsi zenizeni zinavuta kawiri, ndipo kawiri konse kunali kukalamba ndi kaikidwe. M'mwezi wachisanu ndi chitatu injini inayamba kuzima ikatentha, n'kudzalira yokha ikapuma mphindi 20. Module itamasulidwa, pansi pake panali pouma gwa. Module imataya kutentha kwake kudzera m'thupi la disitiribyuta, ndipo pakati pake pamafunika phala loyera lija lotengera kutentha, lopakidwa mopyapyala pa chitsulo chopalidwa bwino. Girizi wamba sagwira ntchito imeneyi. Tizibawuti tiwiri ta module ndi earth yake, choncho timangidwe pa chitsulo choyera. Onaninso kachitsulo ka earth ka pansi pa koyilo m'chipewa. Anthu amakaiwala posintha chipewa, koyilo n'kupsa. Ndipo TACH, polumikizira waya wa mita ya ma rpm, isakhudze earth ngakhale kamphindi.

Kachiwiri kanali kochenjera. M'mwezi wa 11 injini inkadukiza kamodzi, ngati munthu wakhudza kiyi, pa nthawi yomwe phazi likusuntha. Poima inkalira bwino. Timawaya tiwiri ta pickup (kakoyilo ka m'disitiribyuta kouza module nthawi ya moto), tobiriwira ndi toyera, timapindika nthawi iliyonse kachitini kakakoka, ndipo patapita zaka zambiri mkuwa umaduka m'kati chikopa chili chathunthu. Pa mita, pickup yabwino imaonetsa pakati pa ma ohm 500 ndi 1,500. Iyi inkaonetsa bwinobwino itangokhala, koma pampu ya m'manja ikakoka kachitini nambala inkasowa n'kubwerera. Kuyesa osasuntha kachitini n'kutaya nthawi. Kuisintha kumafuna kutulutsa disitiribyuta, kukhoma kamsomali ka giya ya pansi, ndi kusolola ndodo. Pobwezera, kadzenje ka pa giya kaloze komwe kwaloza nsonga ya rota. Ntchito imeneyi ikanachitika m'mwezi wachitatu, disitiribyuta ili pa tebulo, pamodzi ndi phala la module ndi kupukuta dzimbiri lofiira la pa timapini ta zolemera.

Kwa amene akuchita zosiyana, kuika HEI m'galimoto ya nthawi ya mapointi, msampha ndi womwewo koma motembenuka: waya wochepetsa uja umaipatsa HEI mphamvu yosakwanira, injini n'kumadukiza pa ma rpm okwera. Wayayo achotsedwe mpaka ku bokosi la mafyuzi, kapena angogwiritsidwa ntchito kukoka relay yotenga mphamvu ku batire. Yesani pa BAT injini ikulira, osati itazima. Ziyenera kufanana ndi za pa batire, kusiyana kusapitirire theka la volt.

Pa miyezi itatu yomaliza palibe chomwe chasinthidwa. Nyali ikuonetsa 14 yemwe uja, mzere utaima osagwedera. HEI m'galimoto iyi ndiyo yoyenera, ndipo mapointi ndi a amene akufuna kuti injini ioneke monga inalili mu 1967 ndipo sadandaula kuyang'ana dwell pa kusintha oyilo kulikonse. Chotsala choyang'anira si cha moto: mitu ya 1967 ndi ya nthawi ya petulo wa mtovu, mipando ya mavavu a utsi sinalimbitsidwe, ndiye compression ya silinda iliyonse ikuyesedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse n'kulembedwa. Module ina, chubu cha phala loyera ndi kasipanala ka kotala inchi zimakhala m'bokosi la kutsogolo.